Mwana wa Esinati ndi ngongole ya dziko

Chifuniro ndi Linesi, ana anga, kope ili ndagula ndekha ndipo ndilembamo mmene ndingathere. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, mukudziwa, ndiye pomwe ndalakwitsa musandiseke kwambiri. Za kumudzi ku Thyolo sindilemba, munazimva mpaka kutopa nazo. Ndikufuna mudziwe za ntchito yomwe inakulerani, chifukwa ndaona kuti anzanu akakufunsani mumangoti "ankagulitsa nyuzi," ngati kuti nkhani yathera pompo.

Chaka chomwe ndinafika m'tauni

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Amene anandilemba anali a Chikopa, ejenti wa kampani ya nyuzipepala, munthu wamfupi wovala jekete ngakhale mu Okutobala. Mapepala ankabwera pagalimoto m'mawa, iwo n'kutigawira ife mavenda, aliyense mtolo wake ndi malo ake. Tsiku loyamba anandipatsa lamulo limodzi lokha. "Filipo, pepala usatsegule. Ukalitsegula lili ngati buledi wolumidwa kale, palibe angagule, ndipo kampani silandiranso. Ukumva?" Ndinati ndamva. Lamulo limenelo ndinalisunga kuposa malamulo ena a m'Baibulo, ndipo musaliiwale chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Pepala limabwera lopinda pakati, ndiye venda amadziwa theka lapamwamba la tsamba loyamba basi. Zam'katimo ndi za wogula.

Anayamba kundiika ku Chirimba, pafupi ndi magalaja. Kumeneko anthu ankafuna za mpira zokha, ndipo manja awo anali a girisi. Ndinkayenda pepala nditalikweza m'mwamba ngati ndikuwoloka mtsinje. Kenako anandipititsa ku Chinyonga, komwe kunali mageti ndi agalu, munthu n'kuyenda ola lathunthu osalankhula ndi aliyense. Kumeneko ndinkaona ngati pakamwa pachita dzimbiri. Nditakwatira amayi anu ndinapempha kuti andibweretse kufupi ndi kunyumba, ndipo anandipatsa siteji ya minibasi pamsika wa Zingwangwa. Apo ndi pomwe ndinakhala mpaka mapeto.

Zovuta zinalipo, sindingabise. Nthawi yomwe mafuta ankasowa, galimoto inkafika dzuwa lili pamutu, ndipo pepala lam'mawa kuligulitsa masana kuli ngati kugulitsa mandasi adzulo. Nthawi zina linkabwera lowonda, masamba atachepa, akuti ndalama zakunja zogulira mapepala osindikizira zasowa, koma mtengo ayi, sunkawonda. Mvula ikagwa, pulasitiki inkapita pa mtolo, ine n'kumanyowa. Komabe ntchitoyi ndinkaikonda. Anthu ankandifunsa kuti "dziko ladzuka bwanji?" ngati kuti ndine ndalidzutsa.

Zaka za pakhonde la Che Amidu

Vuto langa linali Chingelezi. Ndimatha kutola liwu apa ndi apo, koma chiganizo chathunthu chimandithawa. Amene anandipulumutsa ndi Che Amidu, telala wa pakhonde la sitolo moyang'anizana ndi siteji. Kale anali kalaliki ku esiteti ya tiyi, ndiye Chingelezi chawo chinali chosasukuluka. M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti n'kutulutsa makina awo, ndinkawagwirira pepala patsogolo pa maso. Iwo ankavala magalasi omanga ndi ulusi, n'kuwerenga theka lapamwambalo, n'kundiuza m'Chinyanja. Ine ndinkatenga zomwe anenazo n'kuzifupikitsa kuti zikhale mfuu yoitanira anthu. Luso la venda lili pamenepo. Pepala silidzigulitsa lokha kuno kwathu, umaliyimbira.

Nkhani zina zinkayimbika bwino. Timu yayikulu ikagonja, wina akamangidwa, mtengo wa mafuta ukakwera, mtolo unkatha msanga. Koma panali nkhani imodzi yomwe ndikaiona mtima unkangoti lero ndibweza mapepala. Imeneyo inali ya ngongole ya dziko. Chaka ndi chaka inkabwera ndi chithunzi chofanana, nduna itanyamula kachikwama, kapena anthu a masuti akugwirana chanza. Pansi pake nambala yaitali. Ndikuyamba ntchito ankati mabiliyoni, kenako kunabwera liwu loti thiriliyoni, ndipo nditawafunsa Che Amidu kuti limeneli ndi zingati, anati, "Mphwanga, ndi nambala yoti ukayamba kuwerenga lero, adzamalize ndi adzukulu a adzukulu ako, ngati sakugona." Iwo ankakonda kunenanso kuti, "Ona, akamasaina, pepala limati talandira thandizo. Pakapita chaka, pepala lomwelo limati tamira. Koma chithunzi ndi chomwechija."

Ndipo zinalidi choncho. Lolemba katswiri wina ankati dziko lafika pamphepete, Lachitatu wa boma ankati zonse zili m'manja, Lachisanu wotsutsa ankati zili m'manja mwa ndani. Mayi wogulitsa bonya pamenepo atolapo chiyani? Ndinkayesa kukuwa kuti "Ngongole yakwera!" anthu n'kumangodutsa ngati ndanena kuti kunja kwacha. Kwa iwo inali mvula yogwa kudziko lina. Kunena zoona, kwa inenso.

Chaka chomwe Linesi anayamba Sitandade 2, mwezi wa bajeti

Kumayambiriro kwa mweziwo a Chikopa anatisonkhanitsa ku depoti. Anati malo a pamaloboti m'tauni, pafupi ndi mabanki, atseguka chifukwa mwini wake wapita ku Joni. Ana anga, malo amenewo venda aliyense ankawalota. Anthu amangotsitsa galasi la galimoto, kutenga mapepala awiri, chenji osadikira. Anati adzapatsa amene agulitse kwambiri mwezi umenewo. Tonse tinkadziwa kuti mpikisano uli pakati pa ine ndi Lameki wa ku Ndirande, mnzanga wa mawu ngati wayilesi ya maliro.

Lolemba la sabata yachiwiri pepala linabwera mosiyana. Panalibe nduna. Panali chithunzi cha khanda lokulungidwa m'chitenje, pamwamba pake zilembo zikuluzikulu. Che Amidu anawerenga kawiri.

"Akuti ngongole ya dziko akaigawa kwa tonse, munthu aliyense ali ndi gawo lake, ngakhale mwana wobadwa lero." Anatchula nambala yake. Sindikuikumbukanso, koma inali yoposa zomwe ndinkapeza pachaka.

"Ndiye azitolera bwanji, madala?"

"Apa sanalembe. Akuti nkhani ikupitirira tsamba lachitatu." Anagwira kona ya pepala kuti atsegule, ine n'kuwagwira dzanja.

"Madala, lamulo."

"Iwe ndi lamulo lakolo," anatero akuseka, n'kubwerera pamakina.

Ndikuwoloka msewu ndinkaganiza ndekha. Boma lidziwa bwanji kuti munthu alipo ngati silinamulembe? Ndiye kuti wangongole ndi amene walembedwa. M'mutu mwanga zinamveka zolongosoka ndithu. Nditafika pasiteji ndinakweza pepala n'kukuwa kuti, "Mwana aliyense wolembedwa m'kaundula ali ndi ngongole yake! Ngakhale wobadwa lero!" Liwu loti wolembedwa silinali la pepala, silinali la Che Amidu. Linali langa. Ndikulemba apa kuti muzidziwa.

Nayini isanakwane mtolo unali utatha. Anagula ndi anthu oti sanagulepo pepala chibadwire, ena osatha n'kuwerenga komwe, kuti akawawerengere kunyumba. Ndinathamangira ku depoti kukatenga ena. Ndipo poti unali mwezi wa bajeti, pafupifupi tsiku lililonse munkapezeka kenakake ka ngongole, ndiye mfuu yanga sindinaisinthe. Ndinaiyimba masabata awiri. A Chikopa anayamba kundiitana kuti "bwana wa pamaloboti," Lameki n'kusiya kundipatsa moni.

Sabata yomaliza ya mwezi umenewo

Pamdadada womwe tinkachita lendi, khomo lachitatu kuchokera kwathu, pankakhala Esinati. Chifuniro ukhoza kumukumbukira, ankagulitsa tomato pamsika, mwamuna wake anali wothandiza dalaivala wa thiraki ndipo ankakhala milungu ali pamsewu. Anali ndi khanda lalikazi la pafupifupi miyezi iwiri. Tsiku lina nditaweruka, amayi anu anandilandira osamwetulira.

"Abambo a Chifuniro, mukudziwa kuti Esinati sanapite kusikelo? Tsiku la katemera linadutsa kale, ndipo akuti sapita."

"Chifukwa?"

"Kamufunseni nokha. Nkhaniyi ndi yanu."

Ndinamupeza pakhomo akusankha tomato, mwana ali kumsana. Nditamufunsa, anandiyang'ana ngati ndafunsa chinthu chopusa.

"Pakhadi lakuchipatala analemba kuti mwana wa Esinati basi, chifukwa nthawi imeneyo tinali tisanamutche dzina. Ndikangopita kusikelo akalemba dzina lake lenileni. Ine ndine wosauka, abambo a Chifuniro, koma palibe amandilondola. Mwanayu ayambe moyo akulondoledwa, chifukwa cha misewu yomwe sanaiponde?"

"Wakuuzani zimenezo ndani?"

"Inu. Tsiku lililonse pasiteji. Kapena mumakuwa zabodza?"

Anawonjezera kuti si iye yekha, pali amayi ena atatu pamsika omwe agwirizana zodikira kaye. Chaka chimenecho chifuwa chokoka mtima chinkamveka m'makomo, ndipo ndinkadziwa bwino kuti katemera woyamba uja amateteza chimenechi, poti inu nonse ndinakuonani mukubayidwa. Koma chinandivuta kwambiri n'chakuti inenso sindinkadziwa ngati zomwe ndinkakuwazo zinali zoona kapena ayi. Ndinali ndisanazifunsepo.

M'mawa mwake ndinasiya mtolo pakhonde la Che Amidu n'kukwera minibasi kupita ku ofesi ya kampani. Zaka khumi ndi zitatu ndikugulitsa pepala lawo, ndinali ndisanalowepo pageti. Gadi anandiimitsa, akuti mavenda amathera ku depoti. Ndinati ndikufuna amene analemba nkhani ya khanda ija, ndipo sindichoka. Ndinakhala pabenchi mpaka cha m'ma leveni. Kenako kunatuluka mayi wachitsikana wa nsapato za matenesi, anati dzina lake ndi Doreen, ndipo nkhaniyo analemba ndi iye. Ndinkayembekezera munthu wamkulu wa mimba, ndiye ndinayamba ndadabwa kaye.

Nditafotokoza, anapita kukatenga pepala la tsiku lija n'kulitsegula pamaondo ake. Aka kanali koyamba kuona tsamba lachitatu la nkhani yomwe ndinaigulitsa masabata awiri.

"Bambo, apa ndinalemba kuti ngongoleyi ndi ya boma. Tinaigawa kwa anthu onse kuti owerenga aone kukula kwake, chifukwa tikangolemba mathiriliyoni palibe amamva kanthu."

"Ndiye kuti ngongole palibe?"

"Ilipo, ndipo mukubweza kale. Mukagula sopo, shuga, mayunitsi, pamenepo pali msonkho. Boma likamapereka chiwongola dzanja, ndalama zogulira mankhwala ndi choko zimachepa. Koma palibe adzagogode pakhomo la munthu. Mwana alembedwe, asalembedwe, ndi chimodzimodzi."

"Nanga bwanji zimenezi simunaziike pamwamba, poti ife timaona pamwamba pokha?"

Anaseka pang'ono, koma osati mosangalala. "Mutu wa nkhani sindilemba ine, amalemba akuluakulu. Ndipo pamwamba pamalowa mawu ochepa. Inu tsiku limenelo munagulitsa angati?"

"Onse."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Nditamuuza za Esinati ndi amayi atatu aja, analemba m'kabuku kake. Anandifunsa ngati liwu loti kaundula linachokera m'pepala. Ndinati ayi, linachokera mwa ine. Anati, "Ndiye tagawana, bambo. Ife tinaika khanda pachithunzi, inu munalipatsa kaundula." Anandipatsa pepala lija kuti ndipite nalo.

Ndinadzera ku depoti kukawauza a Chikopa kuti ndikufuna kukonza zomwe ndinakuwa. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Filipo, kwatsala masiku asanu ndi limodzi. Ukutsogola, koma Lameki ali pamsana pako. Ukakakuwa kuti unanama, anthu adzati pepala ndi labodza, ndipo sagula. Khala chete mpaka mwezi uthe, utenge malo ako, kenako uzikalalikira mmene ungafunire."

Sanali munthu woyipa, a Chikopa. Ankandifunira zabwino mwa njira yawo. Ndipo ine, ndisakunamizeni, ndinawamvera masiku awiri. Mfuu ija ndinaisiya, koma sindinakonze chilichonse. Ndinkadziuza kuti masiku asanu ndi limodzi si chaka. Ndinkaona pamaloboti paja m'maso mwanga, ndinkaona inu mukupita kusukulu yabwinoko, ndinkaona tikuchoka pamdadada wa bafa limodzi mabanja asanu. Esinati ndinamuuza mwakachetechete pakhomo pake kuti ndakafunsa ndipo palibe choopsa, koma anangoti, "Pamsika mumakuwa zina, pakhomo mukunong'ona zina. Zoona ndi ziti?"

Tsiku lachitatu m'mawa, ndikumanga nsapato kuti ndizipita, ndinamva khanda lija likutsokomola. Linatsokomola kanthawi ndithu. Pambuyo pake zinadziwika kuti chinali chimfine wamba, koma ine nthawi imeneyo sindinkadziwa. Ndinayenda mpaka ku depoti ndikudzifunsa kuti, mwanayu zikamuvuta, ine ndidzaima pamaloboti ndi nkhope iti? Ndizidzatsitsitsa magalasi a anthu ndikumwetulira? Ndinapeza kuti yankho ndilibe, ndipo munthu ukasowa yankho ndiye kuti yankho ndi lomwelo.

Nditafika pasiteji ndinakwera pabenchi la odikira minibasi, pepala la a Doreen lili lotsegula m'manja. Anthu anayamba kuima chifukwa anali asanandionepo nditatsegula pepala. Ndinakuwa kuti, "Ndinalakwitsa! Ngongole ndi ya boma, sakulemba ana! Pitani kusikelo!" Ndinabwereza, kenako ndinalowa mumsika, mzere wa tomato, wa nsomba, wa kaunjika, ndikunena zomwezo.

Zomwe ndinalandira kumeneko musafunse. Kondakita wina anati, "Aise, nyuzi yalapa?" Wogulitsa nyama anati, "Ndiye tikhulupirire Filipo wa dzulo kapena wa lero?" Mayi wina wa kaunjika anatambasula dzanja, akuti ndimubwezere ndalama ya pepala lomwe anagula, poti anakulungira kale usipa ndiye sangalibweze. Wina anafunsa ngati ngongoleyo yakhululukidwa, ndipo nditayamba kufotokoza za sopo ndi shuga anati, "Basi basi, a Ngongole, mwatitopetsa." Dzinalo linagwira pompo. Che Amidu ankangoyendetsa makina awo, koma nditabwerera pakhonde anandipatsa tiyi m'kapu yawo, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anati, "Tsiku lija ndikanakumenya dzanja n'kutsegula. Theka la mlanduwu ndi langa."

Tsiku limenelo ndinabweza mapepala oposa theka. Mawa lake chimodzimodzi.

Lachiwiri lotsatira

Amayi awiri mwa atatu aja anapita kusikelo sabata yomweyo, wachitatu ndinamva kuti anatsatira pambuyo pake. Koma Esinati anakanabe. Anati munthu amene wanama kamodzi akhoza kunama kawiri, ndipo mwina aboma andiopseza kuti ndisinthe mawu. Ndinamuonetsa tsamba lachitatu, anati Chingelezi chikhoza kunena chilichonse. Apa nzeru zinandithera. Amene anapeza njira ndi amayi anu. Anatsegula sutikesi n'kutulutsa khadi lako lakusikelo, Linesi, lakale, lothimbirira, dzina lako lonse litalembedwa pamwamba. Anapita nalo okha, ine ndikutsatira kumbuyo ngati mwana wolakwa.

"Esinati, ona. Uyu analembedwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Unaonapo munthu atabwera pakhomo panga ndi lisiti?"

Esinati analitenga khadilo, n'kuliyang'ana kutsogolo, kumbuyo, m'mphepete. Ankafufuza pomwe palembedwa ndalama. Anapeza makilo ndi masiku basi. Analibweza n'kunena kuti, "Chabwino. Koma abambo a Chifuniro andiperekeze. Akakafunsa ndalama, akayankhe ndi iwo."

Ndiye Lachiwiri m'mawa, nthawi yomwe mapepala amayenda kwambiri, komanso tsiku lomaliza la mpikisano, ine ndinali pabenchi la kusikelo, mwamuna ndekha pakati pa amayi oposa makumi atatu, mtolo uli pamaondo. Anayimba nyimbo zawo za kusikelo, ine n'kumawomba nawo m'manja poti kukhala chete kukanaoneka moyipa kwambiri. Amayi ena ankagwirana m'nthiti n'kumati, "Si a Ngongole awo?" Itafika nthawi yathu, mlangizi wa zaumoyo anatenga khadi, n'kuona kuti tsiku linadutsa, n'kuyang'ana Esinati, kenako ine.

"Mwachedwatu. Inu ndinu bambo ake?"

"Ayi. Ine ndi amene ndinachedwetsa."

Sanafunse zambiri. Anatenga cholembera n'kuti, "Dzina la mwana?"

Esinati anandiyang'ana kaye. Ndinagwedeza mutu. Ananena motsitsa, "Tadala." Anayang'anitsitsa cholembera mpaka chilembo chomaliza, kenako anafunsa kuti, "Basi?" Mlangizi anati, "Basi. Mumafuna chiyaninso?" Mwana anabayidwa, analira, ndipo Esinati anaseka kwa nthawi yoyamba mwezi wonsewo.

Malo a pamaloboti anatenga Lameki. Anabwera yekha kudzandiuza, n'kundigulira chipisi, ndipo tinayambiranso kupatsana moni. Patapita masabata atatu, m'katsamba ka Chichewa kamene kankatuluka Loweruka, a Doreen analemba kankhani kofotokoza ngongole ya dziko m'mawu oti aliyense amve. Kanali kakang'ono, pansi pa malonda a feteleza, ndipo chithunzi panalibe. Ndinakadula, ndipo kali m'sutikesi momwe muli khadi la Linesi.

Zaka zotsatira, mpaka lero

Kuyambira mwezi umenewo ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. M'mawa uliwonse ndinkapatula pepala limodzi n'kuligula ndekha. Limenelo tinkalitsegula ndi Che Amidu mpaka nkhani itathera pomwe yathera, ndiye ndizikakuwa. A Chikopa ankati ndine venda yekhayo mu Blantyre wodzigulitsa pepala yekha. Amayi anu poyamba anadandaula, kenako anaona kuti mapepalawo akuthandiza kuyala m'kabati ndi kukutira makope anu. Ngati munadabwapo kuti n'chifukwa chiyani makope anu onse anali ndi nkhope za nduna, chifukwa chake n'chimenecho. Che Amidu atamwalira, ndinapeza kuti zaka zonse zija zinandisiyira Chingelezi chokwanira kudzikoka ndekha mpaka tsamba lachitatu, pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

Kenako kunabwera mafoni, anthu n'kumadziwa nkhani pepala lisanafike, mtolo unayamba kuchepa chaka ndi chaka. Chaka chatha njinga yamoto ya kabaza inandigunda bondo pasiteji pomwepo, ndipo adokotala anati zoima tsiku lonse ndisiye. Ndinapuma ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, msinkhu woti ena akuyamba kumene kukwezedwa. Sindidandaula. Kanyumba ka zipinda ziwiri tinamanga kumtunda kuno, mochedwa koma tinamanga. Ndili ndi kabenchi kanga kogulitsira mayunitsi ndi maswiti pakhomo, ndipo odutsa amandifunsabe kuti dziko ladzuka bwanji.

Nthawi zina ndimadzifunsa kuti pamaloboti paja pakanatifikitsa kuti. Mwina Chifuniro ukanapita kusukulu yogonera konko, kaya. Zimenezo sindingazidziwe, ndipo ngati ndinakulandani kanthu, mwawerenga chifukwa chake. Ngongole ya dziko ikadalipo, ndimamva yakulanso. Mwezi watha mnzanga anandibweretsera pepala, pamwamba pali khanda lina m'chitenje china, nambala yatalika. Ndinatsegula mkati, ndipo zofunika zinali komwe zimakhala nthawi zonse.

Esinati akadali pamsika. Tadala tsopano ali Sitandade 7, wamtali kuposa mayi ake, ndipo njira yake yakusukulu imadutsa pakhomo pano. Nkhaniyi kaya anamuuza kaya ayi, sindinafunsepo. Amangoti akafika pa kabenchi kanga amapinda bondo pang'ono n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji a Ngongole?" Iye amaganiza kuti ndi dzina langa lenileni. Limeneli lokha sindinalikonze, ndipo ndimayankha.